Kutsimikiza, Kuloleza ndi Chiphaso pa GitHub

Akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta amasunga ntchito yawo m'nkhokwe za pa intaneti. Nkhokwe yotchuka kwambiri ndi GitHub, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2008, ndipo kampani ya Microsoft inaigula mu 2018. Polemba za nkhokwe zotere, nkofunika kusiyanitsa mawu awiri amene ambiri amawaphatikiza: kutsimikiza ndi kuloleza.

Kutsimikiza kumayankha funso lakuti, "Kodi ndinu yani?" Kuloleza kumayankha lakuti, "Kodi mwaloledwa kuchita chiyani?" Mlonda akaona chitupa chanu pachipata ndiye kuti watsimikiza, akatchula zipinda zimene mungalowe ndiye kuti waloleza.

Kale, mawu achinsinsi ankakwanira potumiza ntchito ku GitHub. Vuto linali lakuti wakuba akawapeza, ankatsegula nawo zitseko zonse. Choncho kuyambira pa 13 Ogasiti 2021, GitHub inaleka kulandira mawu achinsinsi potumiza kapena potenga ntchito kudzera mu pulogalamu ya Git. Imodzi mwa njira zimene zinalowa m'malo mwake ndi token, imene m'nkhani ino tikuitcha chiphaso. Chiphasochi ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala umene kompyuta imapanga. Mwini wake amasankha ntchito zimene chingagwire ndiponso tsiku limene chidzathe mphamvu. Chikabedwa, amachithetsa chokhacho popanda kusintha zina zonse.

Komabe chiphaso nacho chimabedwa. Mu Epulo 2022, GitHub inalengeza kuti ziphaso zimene zinaperekedwa ku Heroku ndi Travis CI zinabedwa, ndipo wakubayo anakopera nazo zinthu za mabungwe ambiri, kuphatikizapo npm. Nchifukwa chake chiphaso chiyenera kusamalidwa motere:

1. Chipatsidwe chilolezo chokwanira ntchito imene chapangidwira basi.
2. Chikhale ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo china chipangidwe tsikulo lisanafike.
3. Chisalembedwe m'kati mwa pulogalamu. GitHub ikapeza chiphaso chake m'nkhokwe yoonekera kwa aliyense, imachithetsa.
4. Chisungidwe pamalo otetezeka pamene changopangidwa, pakuti chimaonetsedwa kamodzi kokha.
5. Chimene ntchito yake yatha chithetsedwe msanga.

Kuwonjezera apo, mu Malichi 2023 GitHub inayamba kulamula olemba mapulogalamu kuti azidzitsimikiza pawiri: ndi mawu achinsinsi, kenaka ndi umboni wachiwiri monga nambala yosinthasintha ya pa foni.

Alembi, akonzi ndi aphunzitsi akupemphedwa kusunga kusiyana kumeneku. Tisalembe "mawu achinsinsi" pamene tikunena chiphaso, pakuti wowerenga akasokonezeka adzasintha mawu achinsinsi n'kuganiza kuti watetezeka, pamene chiphaso chobedwacho chikugwirabe ntchito m'manja mwa wakuba.