Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike

M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lathu linataya mamegawati pafupifupi 130. Mdima unagwa pa nthawi imene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ankafunitsitsa kumva za madzi osefukira. Tinaphunzirapo kuti tsiku limene wailesi ifunika koposa ndilo tsiku limene magetsi angathawe. Munthu wa kumudzi angakhale ndi mabatire atsopano, koma ngati makina oponya mau, amene amisiri amawatcha transmitter, azima, iye sadzamva kanthu.

M'pofunika tsono kuti akuluakulu a m'maofesi ndi aphunzitsi adziwe mmene makinawa amadyera magetsi. Magetsi a ESCOM amasinthasintha kolowera, kupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi, pamene makina oponya mau amafuna magetsi oyenda njira imodzi mosadukiza. Choncho magetsiwo amayamba adutsa mu thiransifoma, kenaka m'chipangizo chowawongola chotchedwa rectifier, pomaliza m'makapasita owasalaza. Kusalazaku kukaperewera, omvera amamva kung'ung'udza kumbuyo kwa mau a muulutsi.

Makina akale a mavavu ankafuna mavoti zikwi zingapo. Mmisiri ankayamba watenthetsa vavu asanatsegule mphamvu yaikuluyo, apo ayi vavu inkatha msanga. Zitseko zake anazipanga kuti zikangotsegulidwa magetsi azizima okha, ndipo mmisiri sankagwira kanthu asanakhudzitse ndodo yolumikizidwa kunthaka, pakuti kapasita imasunga mphamvu yokwanira kupha munthu ngakhale makina atazimitsidwa.

Makina a FM a masiku ano amayendera matiranzisita ofuna mavoti pafupifupi 50 okha. M'malo mwa chipangizo chimodzi chachikulu chopatsira magetsi, amaikamo zing'onozing'ono zingapo zogawana katundu, ndi chimodzi chapadera. China chikafa, zinzake zimasenza ntchito yake, ndipo mmisiri amachisolola ndi kuikapo china pulogalamu ili m'kati. Komabe kutentha sikunathe. Makina otulutsa makilowati 10 amadya makilowati pafupifupi 14, ndipo 4 otsalawo amasanduka kutentha kumene mafani ayenera kukutulutsa. Fumbi la m'chilimwe likatseka mosefera mpweya, makina amadzichepetsa mphamvu kapena kuzima.

Mdani wina ndi mphezi. Mlongoti wautali woima paphiri ndiwo umayamba kukanthidwa, ndipo mphamvu ya mphezi imalowanso kudzera m'mawaya a magetsi. Chitetezo chake ndi zipangizo zopatutsa mphamvuyo, pamodzi ndi mawaya a kopa okwiriridwa pansi. Wakuba kopa ameneyu saba chitsulo chabe: amasiya dera lonse pa chiopsezo chosowa uthenga. Magetsi akathima, jenereta imadzilizira yokha, koma imatenga masekondi angapo kuti ikhazikike, ndipo mpata umenewo umatsekedwa ndi mabatire, pamalo pamene anaikidwapo.

Zonsezi n'zachabe popanda diso loyang'anira. Mmisiri wakhama amalemba m'buku kuchuluka kwa mavoti ndi maampu, kutentha kwa makina, mphamvu yopita ku mlongoti ndi imene ikubwerera, ndiponso dizilo wotsala m'thanki. Makina ambiri amadwala asanafe. Kapasita youma kapena fani yofooka imaonekera m'manambala masabata angapo isanagwetse siteshoni. Lero manambalawa angathe kutumizidwa pa lamya kapena pa intaneti kuchokera kuphiri kufika ku likulu, koma belu lochenjeza lilibe phindu ngati palibe galimoto, mafuta ndi munthu woti anyamuke.

Tikupempha tsono onse osunga chuma cha nyumba zoulutsira mau kuti ndalama za dizilo, mabatire ndi zipangizo zosinthira asamaziyese zoyamba kudulidwa ndalama zikachepa. Jenereta iyesedwe ili ndi katundu mvula isanayambe, osadikira tsiku la tsoka. Mafumu ndi akuluakulu a m'maboma athandize kuteteza milongoti kwa akuba. Aphunzitsi a sayansi nawonso auze ana kuti kuseri kwa liu lililonse la pa wailesi kuli mmisiri amene dzina lake silitchulidwa. Makolo athu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Mau a m'mlengalenga amatsikira m'nyumba zathu chifukwa cha zimene zakonzedwa pansi.