Kuchotsa Carbon Dioxide mu Gasi: Luso Limene Lingathandize Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mpweya wotuluka m'mafakitale sukhala wa mtundu umodzi, ndipo umene umavutitsa kwambiri akatswiri ndi carbon dioxide, mpweya wopanda mtundu kapena fungo umene umapangika chinthu chikamapsa, chikamawola kapena chikamasasa. Fakitale ya simenti ya Shayona ku Kasungu imautulutsa pootcha miyala ya laimu, pamene fakitale ya Ethco ku Dwangwa, imene inatsegulidwa mu 1982, imautulutsa posasitsa zotsalira za nzimbe kuti zisanduke ethanol. Mpweyawu suyaka, choncho umafooketsa moto wa gasi. Ukakumana ndi madzi umadya mapaipi achitsulo, ndipo ukachuluka mumlengalenga umasunga kutentha kwa dzuwa ndi kusokoneza nyengo.

Njira yakale youchotsera ndi kudutsitsa gasi m'madzi osungunuliramo mankhwala otchedwa amine, koma madziwo amafuna moto wambiri kuti aumasulenso. N'chifukwa chake akatswiri anatembenukira ku zinthu zolimba zokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, zimene mpweya umakakamira m'makoma mwake popanda kusungunuka. Zodziwika kwambiri ndi zeolite, mwala umene Axel Cronstedt wa ku Sweden anaufotokoza mu 1756, ndiponso makala otsegulidwa timabowo ndi nthunzi yotentha, amene galamu imodzi yokha imatha kukhala ndi makoma okwana masikweya mita 1,000. Zinthuzi zimagwira carbon dioxide mwamphamvu kuposa methane, mpweya umene umayaka mu gasi, ndipo zina zimasankha potengera kukula kwa tizigawo ta mpweya monga sefa imalekanitsira ufa ndi misere, pakuti kachigawo ka carbon dioxide n'kakang'ono kuposa ka methane.

Makina ake amakhala ndi mathanki awiri kapena kuposerapo odzazidwa ndi timibulu ta zinthu zimenezi. Kompuresa imapanikiza gasi kulowa m'thanki yoyamba, timibulu timagwira carbon dioxide, ndipo gasi woyera amatulukira pamwamba. Timibulu tikakhuta, valavu imatembenuzira gasi ku thanki yachiwiri, pamene yoyambayo imaphwetsedwa kuti mpweya wogwidwa uja umasuke, ndipo kusinthanaku kumabwerezedwa pa mphindi zochepa zilizonse. Charles Skarstrom wa kampani ya Esso analembetsa njirayi mu 1960, ndipo kuyambira mu 2013 fakitale ya Air Products ku Port Arthur, m'chigawo cha Texas, yakhala ikugwira matani pafupifupi 1 miliyoni a carbon dioxide pa chaka mwa njira yofanana nayo. Amalawi ambiri anaionapo kale osadziwa, chifukwa timakina topereka okosijeni kwa odwala m'zipatala timadalira zeolite yemweyo pochotsa nayitirojeni mu mpweya wamba.

Ku Dowa ndi Ntchisi kulibe mafakitale akuluakulu, koma kuli ng'ombe, nkhumba ndi zotsalira za kumunda, ndipo kulinso nkhalango za Kongwe ndi Ntchisi zimene zikupanikizika ndi kufunika kwa nkhuni, makala ndi mitengo ya zigafa za fodya. Ndowe zikawolera m'dzenje lomata losalowa mpweya zimatulutsa gasi wophikira, amene magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse ndi methane, ndipo otsalawo ambiri ndi carbon dioxide. Banja lophika pafupi ndi dzenje lake silifunika kuyeretsa gasiyu, koma amene akufuna kumuthira m'masilinda, kumunyamula kupita naye kumsika kapena kuyendetsera injini amataya malo ndi ndalama akamapanikiza mpweya wosayaka. Akayeretsedwa, methane amapitirira magawo 95 pa 100, ndipo apa m'pamene lusoli lingapindulire magulu a alimi a ng'ombe za mkaka, malo a malonda ngati Mponela, ndiponso msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo tsopano uli ndi anthu oposa 50,000 ofuna moto wophikira tsiku ndi tsiku.

Zovuta zake n'zenizeni. Gasi wa ndowe amatuluka ali ndi chinyezi, chimene zeolite amachikonda kuposa carbon dioxide, kotero kuti akanyowa amaleka kugwira ntchito. Alinso ndi hydrogen sulphide, mpweya wonunkha mazira owola umene umawononga timibulu ndi zitsulo. Motero gasiyo amayamba wadutsa m'chitini cha nyenyeswa zachitsulo zadzimbiri, kenako m'choumitsira, asanafike ku mathanki. Kompuresa nayo imafuna magetsi odalirika ndi mmisiri wodziwa kuikonza, ndipo methane wina amathawira limodzi ndi mpweya wotayidwa ngati makinawo sanachunidwe bwino.

Chopatsa chiyembekezo n'chakuti makala ogwira mpweya amapangika kuchokera ku zitsononkho ndi makoko a mtedza, zinthu zimene maboma awiriwa amakolola zochuluka chaka ndi chaka, ndipo makala otere sagonja msanga ndi chinyezi monga zeolite. Pamene dziko lapansi likutamanda zinthu zatsopano zogwira mpweya zimene zinapezetsa Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi mphoto ya Nobel mu 2025, ntchito yoyenera sukulu zaukachenjede ngati LUANAR ndi MUBAS ndi kuyesa makala a kwathu kuno pa gasi weniweni wa m'khola, kuwerengera mtengo wake, ndi kuphunzitsa amisiri a m'maboma momwemo, chifukwa nkhalango idzapuma pokhapokha silinda ya gasi ikadzatsika mtengo kuposa thumba la makala.