Ntchito ya 'keya' ku Mangalande idayamba ndi tsache la khonsolo

Tsiku lina ndikusankha malaya pa benchi ya kaunjika, ndidamva mayi mwini benchi akuuza anzawo kuti agulitsa mabelo onse alipire ejenti woti apezere mwana wawo ntchito yosamalira nkhalamba ku Mangalande. Nditawafunsa ngati akuidziwa bwino ntchitoyo, adangoseka nkunena kuti bola mapaundi.

Tsono amangwetu, mpamba usanathere m'thumba la ejenti, imvani komwe ntchitoyi idachokera ndi pomwe yafika.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, nduna ya zaumoyo ya dzikolo, a Aneurin Bevan, idabweretsa lamulo la 1946 lomwe lidakhazikitsa NHS, chithandizo chaulere cha kuchipatala. Chidayamba pa 5 July 1948. Zipatala zidapita m'manja mwa boma, pamene makhonsolo adatsala ndi ntchito za m'makomo monga azamba, anamwino oyendera odwala ndi maambulansi. Pamndandandawo padalinso antchito a mitundu iwiri amene ndikufuna muwadziwe.

Oyamba ankatchedwa home help. Pafupifupi onse adali amayi, ambiri ogwira maola ochepa patsiku ngati ganyu. Khonsolo inkawatumiza kunyumba komwe kuli wodwala, nkhalamba, mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene. Kumeneko ankasesa, kuchapa, kukoleza moto wa malasha, kuphika ndi kukagula zakudya.

Musaganize kuti zidali zaulere ayi. Lamulo linkalola khonsolo kulipiritsa banja molingana ndi kapezedwe kake. Komanso khonsolo idangololedwa kupereka chithandizochi, sidakakamizidwe, moti m'matauni ena amayiwa adalipo ambiri, kwina ochepa zedi. Lamulo la 1968 ndi lomwe lidati khonsolo iliyonse ichite, ifune isafune, ndipo zidayamba kutero mu 1971.

Achiwiri adali abwana oona za odwala misala, omwe pachingerezi ankati duly authorised officer. Ambiri adali amuna amene kale ankagawa thandizo la amphawi. Munthu akazunguzika mutu, kaya ndi pakati pa usiku, dokotala, apolisi kapena achibale ankaitana bwana ameneyu. Iye adali ndi mphamvu yotsekera munthu m'chipatala mpaka masiku atatu. Kuti amutsekere kwa nthawi yaitali, pankafunika siginecha ya majisitireti.

Zotsatira zake? Pofika 1954, m'zipatala za misala za ku England ndi Wales mudali anthu pafupifupi 150,000. Ena adalowa ali anyamata, nkumerera imvi momwemo.

Lamulo la 1959 lidasintha zinthu. Majisitireti adachotsedwa pa nkhaniyi, chiweruzo nkupita kwa madokotala. Bwana uja adapatsidwa dzina latsopano, mental welfare officer, ndipo ntchito yoyendera otuluka m'chipatala, kuwathandiza kupeza pogona ndi pogwira ntchito, idakula. Mu 1961 nduna ina ya zaumoyo, a Enoch Powell, idalengeza kuti mabedi a m'zipatala za misala achepetsedwa ndi theka m'zaka 15.

Pakamwa zidakoma, koma ndalama sizidatsatire odwalawo kumakomo mokwanira. Nyumba zowasungira zidali zochepa, abwana owayendera ochepanso. Mtolo udagwera amayi awo, akazi awo ndi alongo awo. Inu amene mudatsekapo benchi sabata yathunthu chifukwa chodwazika mukudziwa mtengo wake.

Mu 1971, kutsatira lipoti la Seebohm la 1968, amayi a tsache aja ndi abwana a odwala misala adawaika mu dipatimenti imodzi ya zosamalira anthu pa khonsolo. Kenaka lamulo la 1990 lidatsegula khomo loti makhonsolo azigula chithandizochi ku makampani. Ntchito nayo idasintha nkhope: kusesa kudachepa, kudabwera kusambitsa nkhalamba, kuidyetsa, kuisintha matewera ndi kuikumbutsa kumwa mankhwala. Imeneyo ndiyo 'keya' mukuimvayi.

Anthu atasowa, mu February 2022 boma la Britain lidalola makampani kulemba osamalira nkhalamba kuchokera kunja. Anthu a ku Africa kuno adakhamukirako. Ena zidawayendera, ena adalipira maejenti ndalama zankhaninkhani nkukapeza kuti ntchito kulibe. Mu March 2024 boma lidaletsa olembedwa kumene kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 July 2025 lidatseka viza imeneyi kwa ofunsira ali kunja kwa dzikolo.

Ndidabwerera kwa mayi aja kukawauza madetiwa. Ndidawapempha kuti ejentiyo akabwera amufunse funso limodzi lokha: mwana wanga alowera pa viza iti? Adakhala chete kanthawi, kenaka nkuyamba kupinda malaya. Mabelo aja ndidawasiya akadali pa benchi.