Kodi "brother" wa pa satifiketi ya imfa ya agogo ndi ndani?

Mzungu akati "uncle" amaunjika pamodzi anthu amene ife sitingawasakanize: malume ndi bambo aang'ono. Akati "cousin" ndiye zimaipiratu, chifukwa mwana wa mayi aang'ono, yemwe kwathu ndi mchimwene weniweni, amakhala mulu umodzi ndi msuweni. Pa zaka zomwe ndakhala ndikulondola mzera wa banja lathu, mawu ang'onoang'ono amenewa ndi omwe andidyera nthawi kuposa china chilichonse.

Musadabwe mukalephera kupeza pepala la agogo omwe anamwalirira kumudzi. M'nthawi ya Nyasaland, lamulo la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye kulembetsa kubadwa ndi imfa, koma ife eni dziko ayi. Kulembetsa aliyense kunayamba mu 2015, pansi pa National Registration Bureau. Choncho mapepala akale omwe ambirife tingawapeze ndi a abambo amene anatsikira kulichete ku Joni kapena ku Salisbury, Harare ya lero, atapita ndi Wenela kapena paselufu. Ena a ku South Africa anajambulidwa ndipo ali pa FamilySearch, mutha kuwaona pafoni pomwepo.

Pepala likapezeka, ine ndimathamangira pamene panalembedwa munthu wokanena za malirowo. Womwalira sadzilembera yekha satifiketi. Zonse zili pamenepo, zaka, kwawo, ngakhale dzina, zinachokera pakamwa pa munthu wina, n'kudutsa mwa womasulira, kenako kalaliki n'kuzilemba m'Chingerezi. Ganizirani mnyamata wa ku Dedza ataimirira mu ofesi, akufunsidwa kuti malemuwa ndi ndani wako. Iye akuti "achimwene". Kalaliki walemba "brother", basi. Koma kumigodi aliyense wochokera dera la mfumu imodzi anali mchimwene, ndipo amene ankagona naye m'komponi ndiye ankasenza maliro.

Pa pepala la mchimwene wa agogo anga aakazi panalembedwa kuti wokanena anali "son". Pamene timadziwa tonse kuti mkuluyo sanasiye mwana. Nditawawerengera azakhali, anangoseka: "Ameneyo ndi mwana wa mng'ono wawo, anamutsatira ku Joni." Mnyamatayo sananame. Kwathu mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako. Akanakhala mwana wa mlongo wawo, akanati malemuwo ndi malume, ndipo nthambi yonse ikanagwera kwina. Kwa ife a chikamwini kusiyana kumeneku si kwamasewera: kumakhudza amene anali mwini mbumba, ngakhalenso munda umene abale akukanganirana lero.

"Wife" nayenso muzimuwerenga mofatsa. Atha kukhala mayi amene anakhala nawo kutauni, pamene kumudzi kunatsala wina ndi ana, ankhoswe ake alipo. Nkhani ngati imeneyi musathamangire kuiponya pagulu la WhatsApp la banja agogo asanaimve.

Maina nawo ankasintha. Ena ankatenga dzina latsopano polembetsa ntchito, ndipo kalaliki ankalemba mmene khutu lake lamvera. N'chifukwa chake ndimadalira kwambiri mudzi ndi mfumu, ngati zalembedwa, kenako ndimakafananiza ndi mabuku a ubatizo kumishoni. Kwa azakhali sindifunsa kuti "anali brother wawo?" Ndimafunsa kuti, "Kodi awiriwa anali a bere limodzi?"