Kasamalidwe ka Ndalama m'Mabungwe a m'Madera

Bungwe la m'dera likalephera kufotokoza mmene ndalama zayendera, opereka thandizo amalitaya, ndipo ovutika amakhala ana amasiye ndi okalamba amene limawasamalira. N'chifukwa chake mabuku a chuma ayenera kusungidwa mwadongosolo.

Msungichuma amalemba m'buku ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, pamodzi ndi tsiku komanso chifukwa chake. Chogulidwa chilichonse chimafunika lisiti, ndipo wogulitsa amene alibe lisiti amasayina kapena kudinda chala papepala. Ndalama zimasungidwa kubanki, ndipo pozitapa pamasayina anthu osachepera awiri, omwe sali pachibale. Kumapeto kwa mwezi, zolembedwa m'buku zimafananizidwa ndi sitetimenti ya kubanki kuti cholakwika chioneke msanga.

Ndalama zoperekedwa kuti zikonzere mjigo sizigulira feteleza, ngakhale njala itavuta motani, pokhapokha woperekayo atavomereza polemba.

Mabungwe olembetsedwa ku NGORA amayenera kupereka lipoti la chuma lounikidwa chaka chilichonse. Magulu ang'onoang'ono nawonso ndi bwino aziwerenga lipoti lawo pamsonkhano wa VDC, pakuti anthu a m'deralo ali ndi ufulu wofunsa ndi kuona mabukuwo.