Ngwazi za M'timabuku ta Zithunzi ndi za pa Kanema: Ubwino ndi Kuipa Kwake

Masiku ano nkovuta kupeza mnyamata wosadziwa Superman, Batman kapena Spider-Man. Timawaona pa malaya a pa kaunjika, pa zikwama za ana a sukulu ndiponso m'nyumba zoonetsera vidiyo. Ena amati nkhani zimenezi nzachibwana, ena amati zimaononga khalidwe. Ife amene tikukonzekera kudzatsogolera achinyamata m'maparishi tiyenera kuzidziwa bwino tisanaziweruze.

Nkhanizi zidayambira ku America. M'chaka cha 1938 anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adatulutsa nkhani ya Superman m'kabuku ka zithunzi kotchedwa Action Comics. Batman adatsatira mu 1939, Wonder Woman mu 1941, Spider-Man mu 1962. Mafilimu okoka namtindi wa anthu adadza pambuyo pake. Jaws ya 1975 idaonetsedwa m'nyumba za kanema zoposa 400 nthawi imodzi, italengezedwa kwambiri pa wailesi yakanema. Star Wars ya 1977 idaonjezapo malonda a zidole. Kuyambira pa Iron Man ya 2008, kampani ya Marvel idayamba kulumikiza mafilimu ake kuti woona imodzi afune kuonanso yotsatira.

Tiyambe ndi zabwino. Choyamba, nkhanizi zimaphunzitsa kuti mphamvu ndi yotumikira nayo ofooka. Peter Parker atangolandira mphamvu zake adalekerera mbala kuthawa poganiza kuti sizimamukhudza, ndipo mbala yomweyo idadzapha Ben, mbale wa bambo ake amene adamulera. Apa mwana aliyense amamva msanga zimene katekisimu amaphunzitsa, kuti munthu amachimwanso posachita chabwino chimene akadatha kuchita.

Chachiwiri, nkhanizi zalimbanapo ndi zoipa zenizeni. Joe Simon ndi Jack Kirby adajambula Captain America akumenya Hitler chibakera pa chikuto cha kabuku ka Marichi 1941, dziko la America lisanalowe m'nkhondo. Nkhani za X-Men, zimene zidayamba mu 1963, zimakamba za anthu osalidwa chifukwa cha chibadwa chawo. Filimu ya Black Panther ya 2018 idaonetsa dziko lopeka la mu Africa lotukuka ndi nzeru zake, ndipo anthu a dzikolo amalankhula Chixhosa cha ku South Africa.

Chachitatu, zithunzi zimakopa mwana amene mabuku a mawu okhaokha amamutopetsa, mpaka azolowere kuwerenga. Mu 1982 Marvel idasindikiza mbiri ya Papa John Paul II m'kabuku ka mtundu womwewu.

Komatu akulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Choipa choyamba ndi chakuti pafupifupi vuto lililonse limatha ndi ndewu. Nyumba zazitali zimagwa, magalimoto amapsa, koma kanema sationetsa maliro a anthu amene adali m'katimo. Kukhululuka ndi kukambirana sikupatsidwa malo okwanira, popeza sikukoka maso ngati nkhonya.

Chachiwiri, anthu wamba m'nkhanizi amangoyang'ana kumwamba kudikira mpulumutsi mmodzi, amene nthawi zambiri sayankha kwa wina aliyense. Ife Amalawi tikudziwa kumene maganizo otere amafikitsa. Kusintha kumene kudatsatira kalata ya aepiskopi ya mu Marichi 1992 ndi riferendamu ya mu Juni 1993 kudadza ndi anthu ambirimbiri amene adalimba mtima pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, imfa imasanduka sewero. Superman adafa mu 1992, timabuku tidagulidwa kwambiri, ndipo mu 1993 adabweranso. Ena amamufanizira ndi Mose, popeza naye adatumizidwa kutali ali khanda kuti apulumuke. Ena amafika pomufanizira ndi Ambuye Yesu. Tisasokonezeke. Ngwazi ya pa kanema imapambana pogonjetsa adani ake ndi mphamvu, pamene Ambuye adapambana podzipereka pa mtanda, akupempherera amene amawapha.

Chachinayi ndi ndalama. Filimu imodzi yotere imadya madola mamiliyoni mazanamazana, ndipo Avengers: Endgame ya 2019 idapeza pafupifupi madola 2.8 biliyoni. Woika chuma chotere safuna kuyesa zachilendo. Amabwereza zimene zidagulitsa kale. Nchifukwa chake mafilimu ambiri amafanana ngati nthanga za dzungu limodzi, ndipo mu 2019 katswiri wa kanema Martin Scorsese adawafanizira ndi malo a masewera osangalatsa alendo. Nawonso eni luso sadadye bwino thukuta lawo. Siegel ndi Shuster adagulitsa Superman pa madola 130 okha. Bill Finger, amene adathandiza kupanga Batman, adamwalira mu 1974, ndipo dzina lake lidayamba kulembedwa pa nkhanizo mu 2015. Nkhani zolalika chilungamo zidamangidwa pa malonda opondereza.

Nanga Mpingo ukutipo chiyani? Mpingo sudatseke maso ake pa za kanema. Papa Pius XI adalemba kalata ya Vigilanti Cura mu 1936. Chikalata cha Inter Mirifica, chimene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa mu 1963, chimapempha achinyamata kuti azidziletsa pa zoonera, aziyesetsa kumvetsa zimene aona, ndipo azikambirana ndi aphunzitsi awo. Mu 1995 Vatican idatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika kuwadziwa.

Tsono anzanga, pa tchuthi chikubwerachi ambiri a ife tidzaonera mafilimu amenewa pamodzi ndi azing'ono athu. Ikatha filimu tisangodzuka nkumapita. Tiwafunse kuti ngwaziyo idathandiza yani, amene adavutika osaonetsedwa ndani, ndiponso ngati padali njira ina yothetsera mkanganowo popanda ndewu. Mwana amene wazolowera mafunso otere adzawafunsanso tsiku lina pamene munthu wamphamvu adzamulonjeza kuti iye yekha ndiye angakonze zonse.