Roller ni ya ovutika? Thupi lanu likuti ayi

Mu komboni, saka ya breakfast pa wilibala ni chizindikiro chakuti mwezi watha bwino. Saka ya roller ena amalowa nayo usiku, kuopa maso ya maneba. Koma tikakamba za thanzi, wa roller ndiye wawina.

Nkhani yonse ili pa kagayidwe. Kuti unga wa breakfast uyere mbee, amachotsa gaga na kamtima ka chimanga. Manje mu gaga na mu kamtima ndimo muli fibre, iron na vitamin B1, yamene imathandiza thupi kusandutsa nsima kukhala mphamvu. Roller imasungako zambiri mwa izi. Fibre ija imachedwetsa shuga kulowa m'magazi, njala siibwera msanga, ndipo kutoileti simuchita kulimbana.

Koma osanamizana, roller yokha siikwana. Niacin ya mu chimanga thupi limalephera kuitenga bwino. Munthu wodya nsima chabe na ndiwo zochepa angadwale pellagra: khungu limada na kukhakhala pakhosi na pamanja pomwe pamawomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu nawo umasokonezeka. Okonda kachasu ali pangozi kwambiri. Chitetezo chili pa Soweto Market na pa kantemba ka pafupi: nshawa, nyemba, kapenta, mazira.

Kapenta timadya na minga yake, ndiye calcium ya mafupa na mano ija. Chibwabwa, bondwe na kalembula zimapatsa iron na vitamin A. Ikani tomato kapena finyirani ndimu, chifukwa vitamin C imathandiza iron kulowa m'thupi. Tiyi imachita zosiyana, imatchinga iron. Asisi amene mumamva chizungulire na kutopa, dikirani ola limodzi mukadya musanamwe tiyi, ndipo pitani ku kiliniki akakupimeni magazi.

Mtundu wa unga usakunamizeni. Chimanga cha orenji chinatulutsidwa muno mu Zambia mu 2012, ndipo chili na vitamin A yofunika ku maso na ku chitetezo cha thupi. Akuluakulu amachisokoneza na chachikasu chija cha chilala cha 1992, koma ni mbewu zosiyana.

Ngati ana akukana roller, yambani kusakaniza hafu-hafu na breakfast mpaka azolowere. Roller imatchipako, ndiye chenji yotsala muguleko ka meda ka kapenta.